Dzina la Pensulo Pansi pa Kaundula

Pasukulu ija aliyense ankawatcha Amayi a Kaundula, ngakhale ahedi, ngakhale makolo oposa iwo msinkhu. Ofesi yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa ofesi ya ahedi ndi mosungira choko ndi matsache, moti ukalowa unkalandiridwa ndi fungo la mapepala akale ndi sopo wokolopera. Munali tebulo limodzi, mpando wa mwendo womanga ndi waya, kabati yachitsulo yosatsekeka pokhapokha utaikankha ndi bondo, ndi zenera loyang'ana kukhonde. Pazenera limenelo anakhalapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Ntchito yawo inali youza makolo. Mwana akajomba masiku atatu, kalata. Chaka chikatha, kalata yonena kuti mwana wagwera A kapena B, mphunzitsi wake ndi uje, abwere ndi makope angati. Tsiku la makolo, tsiku la masewera, tsiku lobzala mitengo, kalata. Anafika pasukulupo ali mtsikana, atalephera ndi malikisi awiri okha mayeso olowera kukoleji ya aphunzitsi, ndipo anadziuza kuti akhalapo chaka chimodzi basi kenako akalemberanso. Chaka chimodzicho chinabala zinzake. Anakwatiwa ndi dalaivala wa malole, munthu wabwino akakhala pakhomo, kungoti pakhomopo sankakhalapo. Zitadutsa zaka zisanu ndi ziwiri m'nyumba muli zii, ulendo wina bamboyo anangopitirira, ndipo zinamveka kuti wakhazikika kumene kunkalira khanda. Sanakwatiwenso. Wowafunsa kuti ali ndi ana angati ankamuyankha kuti, "Chaka chino mazana asanu ndi atatu kudza khumi ndi anayi, koma awiri akusamuka."

Sukuluyo inali ndi lamulo lakale limene iwo ankalisunga ngati analilemba okha: dzina la mwana silifafanizidwa m'kaundula kholo lisanasaine fomu yachikasu. Mwana asamuke, asiye sukulu, atengedwe ndi azakhali ake, dzinalo likhala pomwepo mpaka kholo libwere pazenera, lilembe chifukwa, lisaine. Ankati mwana si singano yoti n'kungosowa, pamafunika munthu wamkulu woti anene kumene wapita.

Ndiye panali Kabelu, kamtsikana ka sitandade 3, kakafupi, kometa tsitsi. Dzinalo anamupatsa ndi Amayi a Kaundula omwewo, chifukwa tsiku lililonse ankafika belu likulira. Ochedwa ankadzera pazenera kukatenga kapepala kolowera m'kalasi, ndipo Kabelu asanaoneke ankayamba wamveka. Kachitsulo ka pa lamba wa nsapato yake yakumanzere kanali kogwedera, ndiye akamathamanga pasimenti ya khonde kankalira kuti ngwe, ngwe, ngwe.

"Anti, belu silinathe kulira, ndiye sindinachedwe."

"Latha kalekale. Chikulirachi ndi nsapato yakoyo."

"Ndiye ndine belu lachiwiri."

"Iwe mwana iwe, pakamwa ngati loya. Amako amasokera tawuni yonse, koma nsapato imodzi yawakanika?"

"Akuti makina awo sasoka chitsulo."

Chaka chimenecho Amayi a Kaundula analemba makalata a makalasi atsopano mofulumira, sukulu isanatsekere, chifukwa mayi awo ankadwala kutali ndipo ankafuna kukawadwazika tchuthi chonse. Anawamanga m'mitolo, msewu uliwonse mtolo wake, n'kusiyira mesenjala wa panjinga kuti akagawe kutatsala mlungu umodzi kuti sukulu itsegulire. Kabelu anadwala mlungu wachiwiri wa tchuthi. Thupi linatentha Lachitatu, pofika Loweruka anthu anali atasonkhana kale pakhomo. Mesenjala anali munthu womvera. Tsiku lake litakwana anakwera njinga, ndipo kalata ija anaisiya pa makina osokera a amake Kabelu, eni ake atalowa kuseri. Inkati: Tikukudziwitsani mokondwera kuti mwana wanu wakhoza ndipo alowa sitandade 4B. Abwere ndi makope asanu ndi atatu. Chonde asamachedwe.

Mawu omalizawo sanali m'makalata a ana ena. Amayi a Kaundula anachita kuwonjezera okha pansi, akumwetulira.

Za malirowo anamva m'mawa wa tsiku lotsegulira, kwa mayi wosesa amene ana ankamutcha Anatsache, munthu amene nkhani sinkagona m'kamwa mwake. Anakhala pa mpando wa waya uja, n'kutulutsa fomu yachikasu, n'kuiika patebulo. Belu litalira, ana atalowa, pazenera panaima mayi wamtali, tepi yoyezera ili m'khosi ngati waiwala kuivula, kalata ili m'manja.

"Ndinu munalemba iyi?"

"Ndine, mayi. Pepani, ine ndinali kutali, sindinamve. Ndikanadziwa..."

"4B ndi khomo liti?"

Amayi a Kaundula anali atakonzekera kutukwanidwa, ngakhale khofi la patsaya akanalilandira. Funso limenelo sanalikonzekere. Anapinda fomu ija n'kuiika m'thumba la siketi, n'kutsogolera mayiyo mpaka khomo lachitatu. Amake Kabelu sanalowe. Anaima pazenera la kalasi n'kumayang'ana mitu ya ana.

"Akanakhala pati?"

"Apo, mzere wachiwiri. Kamtsikana katali kaja n'kamene ankakhala nako desiki imodzi. Sitinkawalekanitsa, akalekana onse ankangolira."

Anaima pamenepo mpaka mphunzitsi anamaliza kulemba deti pabolodi. Potembenuka amake Kabelu anati, "Chaka chamawa mudzandilemberenso. Ndizidziwa pamene wafika."

Dzanja la Amayi a Kaundula linali m'thumba, litagwira fomu. Silinatuluke.

Mmenemo ndi mmene zinayambira. Sanabere munthu, sananamize boma. Dzina la Kabelu sankaliwerengera pa chiwerengero cha ana. Ankalilemba ndi pensulo pansi penipeni pa tsamba, kunsi kwa mzere wotsekera, pamodzi ndi nambala ya foni ya amake, chifukwa dzanja lawo silinkadziwa kulemba dzina la mwana popanda nambala ya kholo. Chaka chikatha ankayang'ana kumene kagwera kamtsikana katali kaja, kaya A kaya B, n'kusamutsira Kabelu komweko. Kalata ankaipereka okha, Loweruka lomaliza la tchuthi. Popeza munthu sangangofika pamalo a ntchito a mnzake chimanjamanja, ankatenga diresi lawo labuluu, n'kumasula mpendero ndi lumo, n'kupita nalo kuti akawasokere.

Amake Kabelu ankalandira kalata, n'kufunsa kuti, "Mnzake uja wafika pati?" Amayi a Kaundula ankaloza msinkhu wa mtsikanayo pa felemu ya chitseko, ndipo mayiyo ankalembapo kamzere ndi choko chake cha utelala. Pa tsiku la makolo ankabwera n'kukhala kumbuyo kwenikweni, ndipo zovala za sewero la kalasi ya Kabelu ankasoka ndi iwo. Kenako anabereka mwana wina wamkazi, n'kusiya kubwera. Zaka ziwiri zomalizazo sanafunsenso za mnzake uja, koma Amayi a Kaundula ankangoloza okha pa felemu, poganiza kuti chisoni chimamanga lilime.

Chimene sanauze munthu n'chakuti Kabelu ankabwerabe kusukulu. Sankamuona ayi. Koma belu likangosiya kulira, khonde litatsala lokha, kuchokera kugeti kunkamveka ngwe, ngwe, ngwe, mofulumira, mpaka pansi pa zenera, kenako zii. Poyamba ankati ndi waya wa mbendera ukumenya mtengo wake. Waya anaumanga, phokoso silinathe. Anazolowera. Belu likalira ankasiya zenera lotsegula kwa mphindi imodzi, ngakhale kuzizire bwanji, ndipo nthawi zina ankadzipeza atang'amba kale kapepala ka ochedwa. Timapepala timeneto tinadzaza bokosi la choko m'kabati. Chimene chinkawavutitsa n'chakuti mapaziwo sankakula. M'kaundula mwanayo anafika sitandade 5, 6, 7, pa felemu kamzere kanafika paphewa la munthu wamkulu, koma pakhonde ankathamangabe mwana wa zaka zisanu ndi zitatu.

Chaka chimene Kabelu akanalowa sitandade 8 chisanayambe, kunabwera ahedi atsopano, bambo wophunzira kunja amene ankayenda ngati basi ikumusiya. Aphunzitsi anamutcha Zachangu mlungu woyamba womwewo. Sanali munthu woipa. Ankangodabwa kuti sukulu yonse imadalira dzanja limodzi ndi njinga imodzi, ndipo kunena zoona zinali zodabwitsadi. Anabweretsa njira yatsopano: mphunzitsi aziitana mayina pa foni, azidina amene sanabwere, ndipo teni koloko ikakwana uthenga uzipita wokha ku foni ya kholo. Pa tchuthi anapempha mabuku a kaundula, n'kujambula masamba onse, n'kutumiza zithunzizo kwa anthu okonza makinawo. Anthuwo sankadziwa kusiyana kwa inki ndi pensulo pasukulu ino. Analowetsa chilichonse chimene maso awo anaona.

Amayi a Kaundula sanaganizeko zimenezo. Maganizo awo anali pa kalata yachisanu, ya 8A, imene anakapereka Loweruka pamodzi ndi diresi labuluu, ngakhale ahedi anali atanena kuti za mapepala zatha.

Lolemba, tsiku lotsegulira, mphunzitsi wa 8A anafika pazenera foni ili m'manja. Anali mayi wofika kumene kuchokera kusukulu ina.

"Amayi, nambala 43 ndi ndani? Ine m'kalasi ndawerenga ana 42. Ndaitana dzinali kawiri, ana akungoyang'anana. Ulendo wachitatu mtsikana wina wamtali wagwetsa mutu padesiki n'kuyamba kulira, mpaka pano sakutonthozeka."

Amayi a Kaundula anayang'ana dzinalo. Kwa nthawi yoyamba analiona litalembedwa ndi zilembo zakuda zofanana ndi za anzake, lili pamzere ngati la munthu wamoyo.

"Mwadina chiyani?"

"Kuti sanabwere. Nanga ndikanadina chiyani?"

Wotchi ya pakhoma inkati mphindi khumi zadutsa chikwanire teni koloko.

Mu ofesi ya ahedi anafotokoza zonse ataimirira, kuyambira pa njinga ya mesenjala mpaka pa pensulo. Za phokoso la pakhonde okha sananene. Zachangu anamvetsera mpaka mapeto osayang'ana wotchi, zimene zinali zachilendo.

"Zaka zinayi, Amayi?"

"Zinayi, bwana."

"Ndipo dzinali likakhalamo, uthenga womwewu uzipita tsiku lililonse teni koloko. Mukumvetsa? Mawa, mkuja, chaka chonse." Anakokera kompyuta pafupi. "Ndi chala chimodzi basi. Ndichotse?"

"Ayi, bwana. Kholo silinasaine."

"Amayi, mwanayo anamwalira."

"Ndikudziwa. Koma mayi ake anandipempha kuti ndiziwauza pamene wafika. Ndingamutulutse sukulu iwo osadziwa? Angomva kuti kwati zii?"

Ahedi anapukuta magalasi awo kwa nthawi yaitali. "Mawa teni koloko isanakwane," anatero. "Kaya fomu yanu, kaya chala changa. Uthenga wachiwiri sindilola kuti upite."

Potuluka anakumana ndi Anatsache atatsamira tsache pafupi ndi chitseko, khutu likadali lofunda.

"Achemwali, ndiye mizimu nayo yalowa m'mafoni masiku ano? Ife tinkadziwa kuti imabwera kumaloto, ulere."

"Inu, sesani."

"Ndasesa kale, mpaka pansi pa chitseko cha ahedi." Kenako anatsitsa mawu. "Fomu ija idakali m'siketi?"

"Ili m'kabati."

"Itengeni. Ine khonde ili ndimalikolopa m'mawa uliwonse, ndipo zenera lanu ndimaliona. Munthu sutsegula zenera mwezi wozizira chifukwa chofuna mphepo."

Nthawi ya nkhomaliro Amayi a Kaundula anatseka kabati ndi bondo n'kutuluka pageti. Fomu inali yomwe ija, yopindika panayi, chikasu chake chitafwifwa m'mizere. Anadutsa pa okonza matayala, pa sitolo ya mankhwala, pa nyumba yosamaliza imene inamera udzu m'mazenera. Njira imeneyi ankaidziwa ndi diresi m'manja. Popanda diresi manja ankasowa kolowera.

Malo osokera anali chipinda chimodzi choyang'ana kumsewu. Pakhoma panali madiresi a akwati awiri okutidwa ndi pulasitiki, pansi tizidutswa ta nsalu, pakona mwana wa zaka ziwiri atagona pa mulu wa makatani. Pa felemu ya chitseko panali timizere ta choko, tiwiri tooneka bwino, tina tiwiri tapamwamba tolembedwa mwaulesi. Amake Kabelu anali pamakina koma sankapalasa. Foni inali pa nsalu patsogolo pawo.

"Odi."

"Lowani, achemwali. Lero diresi mwalisiya?"

"Ndabwera kudzapepesa. Ndi makina atsopano a ahedi. Ine sindinadziwe kuti..."

"Ulendo woyamba munatinso simunadziwe." Sanakalipe. Anakankha mpando ndi phazi. "Khalani. Mwauwerenga uthengawo?"

"Ayi."

Anawapatsa foni. Panalembedwa kuti: Mwana wanu sanabwere kusukulu lero. Chonde tiuzeni chifukwa.

"Ndinali kudula kolala," anatero amake Kabelu. "Foni kulira, ine kuwerenga. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaimirira, achemwali. Ndinafika mpaka pakhomo apo, sizasi ili m'manja, mtima ukuti mwana ameneyu wapitanso kuti, ndikamupeza aona. Ndinakwiya. Zaka zinayi ndakhala ndikumulira, koma kumukwiyira ndinali nditaiwala. Kenako ndinakumbukira ndili pakhomopo." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Mwa zonse zimene sukulu yanu yanditumizira, uwu wokha ndiwo wanena zoona. Sanabweredi."

Amayi a Kaundula anayang'ananso pafoni. Pansi pa uthengawo, pamalo oyankhira, panali liwu limodzi lolembedwa koma losatumizidwa: Anamwalira.

"Liwu limenelo sindinalilembepo ndi dzanja langa," anatero mayiyo. "Kuchipatala analemba ndi adokotala, pamwala analemba ndi amalume ake. Lero munthu wandifunsa chifukwa, ndiye ndalemba. Kutumiza kokha n'kumene kwandikanika. Ndikutumiza kwa ndani, kwa waya?"

Anakoka kabati ya pansi pa makina. Pakati pa mabatani ndi maulusi panali makalata asanu omanga ndi kansalu. Atatu anali ofewa ngati nsanza chifukwa chowerengedwa. Awiri, ya 7B ndi ya Loweruka lomweli, anali osatsegula.

Amayi a Kaundula anatola kalata ya 7B n'kuitembenuza. "Simunawerenge?"

"Chibadwire uyu wagonayu ndinaleka. Ndinaona kuti ndikuyamwitsa wina uku ndikuyeza msinkhu wa wina pachitseko. Mutu unayamba kundizungulira."

"Nanga bwanji simunandiuze? Ine ndinkati ndikuchitira inu."

"Munandichitira, zaka ziwiri zoyamba. Popanda makalata aja kaya ndikanakhala kuti. Koma pambuyo pake..." Anatola ulusi pa siketi yawo. "Achemwali, ine ndasoka zaka makumi awiri. Mpendero wothothoka wokha ndimaudziwa, womasula ndi lumo ndimaudziwanso. Diresi lanu lija ndalisoka malo amodzimodzi kanayi, nsalu yatsala pang'ono kundipatsa moni. Ndinkakuonani mukulowa, nkhope ili ngwee, kalata m'manja ngati mwana ndi wanu wakhoza. Ndinkati mayi uyu ndikamuletsa atsala ndi chiyani?"

Kunja kunadutsa lole, madiresi a akwati anagwedezeka m'mapulasitiki awo. Amayi a Kaundula anafuna kunena za mazana asanu ndi atatu aja, koma nthabwalayo inakana kutuluka. M'malo mwake kunatuluka chimene sanauzepo munthu.

"Amabwera. M'mawa uliwonse belu likatha. Ndimamva nsapato yake pakhonde, kachitsulo kaja. Amafika pansi pa zenera langa n'kuima."

Ankayembekezera kuti mayiyo adzidzimuka, kapena awaona ngati wozungulira mutu. Amake Kabelu anangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

"N'chifukwa chake kuno sabwera. Ine ndamuitana, ndamulota kawiri kokha. Kani ali kwanu." Anayang'ana timizere ta pachitseko. "Nsapato imeneyo ndinamulonjeza kuti tikakonzetsa tchuthi chikamatha. Ndiye inu mumamuuza chiyani akaima pamenepo?"

"Palibe. Ndimang'amba kapepala."

"Zaka zinayi mwana akuthamangira belu, osalowa m'kalasi, osabwerera kwawo. Ine ndinamugwira mwendo uwu, inu mwendo uwo. Watopa, achemwali. Tiyeni timulole aweruke."

Amayi a Kaundula anatulutsa fomu yachikasu n'kuiwongola pabondo. Amake Kabelu anaiyang'ana koma sanailandire.

"Kuno ayi. Ndinakamulembetsa pazenera lanu, ndikamutulutsira pomwepo. Mwati nthawi yanji?"

"Teni koloko isanakwane."

"Ndibwera."

Lachiwiri belu linalira, ana analowa, khonde linatsala lokha. Kugeti kunamveka ngwe, ngwe, ngwe, mpaka pansi pa zenera. Amayi a Kaundula sanang'ambe kapepala. Anangoti chapansipansi, "Dikira pomwepo, amako akubwera."

Naini koloko inakwana. Hafu pasiti naini ahedi anasuzumira pachitseko, kompyuta ili m'khwapa. Anatsache anakolopa malo amodzi a khonde katatu. Kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri, mayi wamtali analowa pageti chothamanga, mwana kumbuyo, tepi m'khosi.

"Kuchedwaku n'kwakumtundu," anatero Anatsache mokweza.

"Teni sinakwane, ndiye sindinachedwe," anayankha amake Kabelu akupuma mwawefuwefu, ndipo Amayi a Kaundula anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Fomu inadutsa pazenera. Mayiyo anailemba ataimirira, ataitsamiritsa pasimenti. Dzina la mwana. Kalasi: anayang'ana Amayi a Kaundula, kenako analemba 3B, kalasi yomaliza imene mwanayo anakhalamo ndi thupi lake. Chifukwa chochokera: analemba liwu lija pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, ngati akusoka ndi manja. Anasaina.

"Buku lili kuti?"

Amayi a Kaundula anatsegula kaundula wa 8A n'kumutembenuzira kuzenera, n'kupereka labala. Amake Kabelu anayang'ana dzinalo kunsi kwa mzere, n'kulisisita kamodzi ndi chala, n'kufufuta. Anauzira tinyenyeswa ta labala, tina tinagwera pakhonde. Ahedi, ataima pakhomo la kaofesiko, anadina kamodzi pa kompyuta yawo, mwakachetechete ngati munthu wotseka chitseko cha chipinda cha wodwala.

Palibe anachoka. Amake Kabelu anaika foni yawo pazenera, onse anayi n'kumayang'ana wotchi ya pakhoma. Teni koloko inakwana. Inadutsa mphindi imodzi, ziwiri. Foni inangokhala chete. Mwana wa kumbuyo uja anadzuka n'kuyamba kukoka tepi ya amake.

"Uyu ndidzabwera naye zaka zinayi zikubwerazi," anatero amake Kabelu. "Mudzamulembe ndi inki."

"Ngati makina a ahedi adzakhale asanandidye."

"Mayiwa adzakupezani pomwepo," anatero Zachangu, n'kubwerera mu ofesi yawo mofulumira kuposa masiku onse.

Amake Kabelu anamanganso mwana bwino. "Mtsikana wamtali uja, mnzake, akuti analira dzulo? Mumuuze adzadutse kwanga akaweruka. Yunifolomu yake ndinaiona pamsewu, yafupika. Ndipo inu, diresi lija likadzang'ambika lokha mudzabwere nalo. Likapanda kung'ambika mudzabwere opanda."

Lachitatu kunazizira. Belu linalira, mapazi mazanamazana anadutsa, zitseko za makalasi zinatsekeka chimodzichimodzi. Amayi a Kaundula anakhala pa mpando wa waya, zenera lili lotsegula, akumvetsera. Kunamveka tsache la Anatsache kumapeto kwa khonde, ndi mphunzitsi wa 8A akuitana mayina mpaka 42. Kugeti kunalibe kanthu. Anadikira mphindi yawo imodzi, n'kuwonjezera ina. Anali asanadziwe kuti khonde lija n'lalitali chotero.

Anatsegula kaundula wa 8A. Kunsi kwa mzere kunali koyera, koma atayendetsa chala anamva timikwasa ta pensulo m'pepala, chifukwa dzanja lawo linali lolemera polemba. Anatseka bukulo, n'kutulutsa bokosi la choko lodzaza timapepala ta ochedwa, n'kuitana Anatsache kuti alitenge pamodzi ndi zinyalala zina.

"Zenera nditseke?" anafunsa Anatsache, bokosi lili m'manja. "Mukuzizidwatu."

"Lisiyeni pang'ono," anatero Amayi a Kaundula. "Sitandade 2 muli kamnyamata kena sikanafike."